Kodi mabungwe a zaulimi amatani kwenikweni m'midzi ya ku Nkhotakota kuno?

Ukamayenda mu msewu wa M5 kuchokera ku Salima, kudutsa pa Benga ndi pa Mkaika mpaka kukafika pa boma pa Nkhotakota, zikwangwani za mabungwe m'mphepete mwa minda sizisowa, zina zatsopano zina zinachita dzimbiri moti dzina la pulojekiti silikuwerengekanso. Ambiri a ife amene tili ndi makolo kumudzi ndipo chaka ndi chaka timatumiza ndalama ya feteleza pa foni timangomva kuti "kwabwera bungwe" basi, koma zoti bungwelo limatani tsiku ndi tsiku, ndalama limazitenga kuti, nanga bwanji midzi ina zinthu zimagwira pomwe midzi ina zimatha tsiku lomwe galimoto yatembenuka, zimenezo timangoganizira. Nde ndati ndifotokozeko bwinobwino, chifukwa nkhaniyi ikukhudza nsima ya anthu athu.

Tiyambe ndi vuto lenilenilo. Nthaka yathu yaguga. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka, ndipo dothi limene limapitalo si la pansi ayi, ndi lapamwamba lija lakuda lomwe lili ndi chonde. Kuno kwathu simufunika kuwerenga lipoti, ingoimani pa mlatho wa Bua kapena wa Kaombe mu Januwale muone madzi ake ofiira amatope, amenewo ndi minda ya anthu ikupita kunyanja. Mitsinje ngati Lifuliza ndi Likoa yomwe imatsika kuchokera cha ku mapiri a Ntchisi imakathira matope mu kanyanja ka Chia, ndiye amene akuvutika si mlimi yekha, msodzi nayenso zimamupeza chifukwa malo oswanirana nsomba amakwiririka.

Kwa zaka zambiri vutoli tinkalibisa ndi feteleza. Makuponi a boma ogulira feteleza wotsika mtengo, aja a FISP, anayamba mu 2005, kenako mu 2020 m'malo mwake munabwera AIP, koma si onse amalowa mu kaundula, ndipo amene walowa nthawi zina feteleza amamupeza chimanga chili m'mawondo. Wogula yekha nde wapsa, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenakonso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba limodzi linafika mtengo woti mlimi wa ekala imodzi agulitse matumba angapo a chimanga kuti alipeze. Chopweteka kwambiri n'choti feteleza wothira pa nthaka yopanda manyowa, ya mchenga ngati yambiri ya kunyanja kuno, sagwira ntchito yonse, mvula ikagwa yamphamvu amatsika naye pansi. Onjezerani nyengo yosadalirikayi. Chaka cha 2024 chokha, kumapeto kwa Febuluwale madzi anasefukira ku Dwangwa n'kugwetsa nyumba ndi kukokolola minda, pomwe mu Malichi boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 chifukwa cha El Nino. Nde mabungwe akamanena za ulimi wokhazikika amatanthauza kulima koti ukolole chaka chino koma munda ukhalebe ndi mphamvu chaka chamawa, osadalira kwambiri zogula, komanso woti ng'amba ya masabata awiri isakuphere mbewu zonse.

Tsopano kalowedwe kake. Bungwe silingofika pamudzi n'kuyamba kuimba belu. Limalemba pempho kwa ma donor, kaya ndi boma la dziko lina, kaya mpingo wakunja, n'kupatsidwa ndalama ya zaka zitatu mwina zisanu. Chiwerengero cha zakachi muchisunge chifukwa mavuto ambiri amachokera pomwepo. Likapeza ndalama limakaonekera ku khonsolo pamaso pa komiti ya akuluakulu a nthambi za boma, kenako ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Mwansambo, kwa Mwadzama, kwa Malengachanzi kapena kwa Kanyenda, kenako ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndi kwa anyakwawa. Ku mbali ya ulimi limadzera ku ofesi ya zaulimi ya m'dera, ija amati EPA, monga Zidyana, Linga kapena Mwansambo, komwe kuli alangizi a boma. Alangizi a bomawa ntchito amaidziwa, vuto n'loti ndi ochepa, mmodzi amayang'anira mabanja ochuluka zedi ndipo nthawi zambiri alibe mafuta oyendera. Chimene bungwe limabweretsa poyambirira si mbewu ayi, ndi munthu wokhala ndi njinga yamoto ndi mafuta ake amene angathe kufika pa munda womwewo mobwerezabwereza nyengo yonse.

Chitsanzo chomwe anthu a kuno amachidziwa ndi Total LandCare, bungwe lomwe linayamba mu 1999 kuno ku Malawi. Linagwirapo ntchito yosamalira dera lomwe madzi ake amathira mu Chia, kenako pulojekiti yothandiza alimi kulimbana ndi kusintha kwa nyengo ndi ndalama za dziko la Norway, ndipo kuyambira cha mu 2005 lakhala likuchita kafukufuku m'minda ya alimi limodzi ndi CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu lomwe likulu lake lili ku Mexico. Minda ya kafukufukuyi inali ku Mwansambo ndi ku Zidyana kuno, ku Chinguluwe ku Salima ndi madera ena. Mmene ankachitira ndi momwe ine ndimaona kuti ndi nzeru. Mlimi yemweyo, munda womwewo, amaudula zigawo zitatu, china alime mizere monga mwa masiku onse, china osagalauza koma aphimbire ndi mapesi, chachitatu aphimbirenso koma asakanize chimanga ndi mbewu ya mtundu wa nyemba ngati khobwe. Mbewu imodzimodzi, feteleza wofanana, tsiku lobzala limodzi. Pamapeto amakolola chigawo chilichonse pachokha n'kuyeza pa sikelo anthu akuona.

Chifukwa chake chochitira zimenezi n'chosavuta kumva mukakhala kuti munakulira kumudzi. Mlimi wa ekala imodzi ndi theka sangayesere zinthu zachilendo pa munda wonse chifukwa zikakanika ana agona ndi njala mpaka chaka chamawa, si kuuma mutu ayi, ndi kusamala. Ndiye ntchito yaikulu ya bungwe labwino ndi kusenzako chiopsezo cha zaka zoyambirirazo, kupereka mbewu ndi zipangizo za kachigawo kakang'ono koyeserera kuti mlimi aone ndi maso ake chakudya cha banja chisanakhudzidwe. Pamenepa ndi pomwe pamabwera mlimi wachitsanzo, munthu wosankhidwa ndi anzake pamudzi, amene amaphunzitsidwa kaye n'kumaphunzitsa alimi ena omutsatira. Malipiro alibe, mwina njinga yakapalasa, tisheti ndi majombo. Mu Febuluwale kapena Malichi kumachitika chionetsero cha m'munda, anthu amayenda pakati pa zigawo zija, kugwira masamba, kufukula pansi pa mapesi ndi chala kuona chinyontho, n'kumafunsa mwini munda osati mlangizi. Mafunso ake amakhala olunjika, wapalira kangati, unalemba aganyu angati, chiswe sichinakudyere.

Ulimi umene umalimbikitsidwa kwambiri ndi wa mleranthaka, ena amati mtayakhasu. Uli ndi mfundo zitatu, osagalauza nthaka, kuiphimba, ndi kasinthasintha wa mbewu. Mfundo yoyambayo ndi yomwe imavuta kulowa m'mutu chifukwa ife tinabadwa tikuona mizere ndipo munda wopanda mizere timati ndi wa mlesi. Komatu mizere yopingasa yomwe timaiona ngati chikhalidwe chathuyi inakakamizidwa kwambiri nthawi ya atsamunda kudzera m'malamulo a malimidwe, anthu ankalipitsidwa chindapusa ena kumangidwa kumene, mpaka mu 1953 Inkosi Gomani yachiwiri ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando italimbikitsa anthu ake kuti asamvere malamulowo potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mizere ili ndi ubwino wake ikatsata akalozera, mizere yotsogolera ija yoyezedwa mopingasa malo otsetsereka, imagwira madzi. Koma kuigwetsa ndi kuiunganso chaka ndi chaka ndi khasu lofika kuya kumodzimodzi kumapangitsa kuti pansi pake paume gwa, mizu ya chimanga imafika pamenepo n'kupindika, madzi nawonso salowa amangothamanga m'makwalala. Ndipo ntchito yake ndi yowawa, Seputembala ndi Okutobala dzuwa la kunyanja kuno likuswa mtengo munthu ali chiweramire.

Mu mleranthaka ukakolola mapesi suwotcha, umawagoneka m'munda momwemo kuti aphimbe nthaka. Mvula yoyamba yodalirika ikagwa umakoka chingwe, n'kumaboola ndi ndodo yosongola, mbewu imodzi pa phando, masentimita 25 kuchoka phando lina kufika lina ndi masentimita 75 pakati pa mizere ya mbewu, kabzalidwe kaja timangokatchula kuti Sasakawa. Mapesi aja amatchinga madontho a mvula kuti asamenye dothi, amasunga chinyontho, ndipo akamaola amabwezera chakudya m'nthaka, nyongolotsi zimabwerera. Zomwe kafukufuku wa zaka zambiri uja anaonetsa n'zoti phindu limaoneka kwambiri chaka cha ng'amba, chimanga cha pa mizere chikamapota masamba masana cha pophimbira chimakhala chikadali chobiriwira, komanso masiku ogwira ntchito amachepa chifukwa kulibe kuunga mizere ndi kubandira. Koma si chaka choyamba chomwe nthaka imasintha, zimatenga nyengo zingapo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Nde taganizani pulojekiti ya zaka zitatu, chaka choyamba chimathera kulemba anthu ntchito ndi kuchita misonkhano, chachiwiri kuyesa, chachitatu kulemba malipoti otsekera.

Mfundo ya kasinthasintha ndi imene ine ndimaikonda kwambiri chifukwa phindu lake silichedwa. Mtedza, soya, nandolo ndi khobwe zimasiya chonde m'nthaka kudzera m'timatuza ta ku mizu, ndiye chimanga chobwera pambuyo pake chimanona ngakhale feteleza ali wochepa, komanso kaufiti amachepa mphamvu chifukwa sapeza chimanga chaka ndi chaka. Pa munda wosaunga mizere mtedza ungathe kuubzala mothithikana, mizere ya mbewu kuyandikana, umaphimba nthaka msanga, udzu umachepa, matenda a khate nawonso sagwira kwambiri. Ku Mwansambo komwe mtedza ndi ndalama, mfundo imeneyi sinafune kukakamiza munthu. Bungwe apa limathandiza kupeza mbewu yabwino ngati mtedza wa CG7 kapena soya wa Tikolore ndi mankhwala opaka ku mbewu ya soya aja, nthawi zambiri mwa ngongole yobweza mbewu yomweyo kuti ena alandirenso.

Tsopano zovuta zake, zomwe pa chionetsero sizinenedwa mokweza. Choyamba ndi mapesi. Mapesi ali ndi eni ake ambiri. Ng'ombe ndi mbuzi zikamasulidwa anthu akakolola zimadya, anyamata osaka mbewa amayatsa moto mu Ogasiti n'kupsereza munda womwe munthu wauphimbira mwezi wathunthu, amayi amawafuna ophikira poti nkhuni zili kutali, olima fodya amawotchera nazale. Ena poopa zimenezi amatuta mapesi kukasunga kunyumba n'kudzawabwezanso mu Okutobala, ena amakatenga m'minda ina kudzaunjika pa kachigawo kamodzi kuti kaoneke bwino, zomwe zikutanthauza kuti munda wina ukuvulidwa kuti wina uvale, ndipo ntchito yomwe amati ichepa ija yachulukanso. Vuto ili mlimi mmodzi sangalithetse ngakhale atalimbikira bwanji. Limatha pokhapokha amfumu ndi anthu awo akamangana malamulo a pamudzi, woyatsa moto m'munda wa mnzake alipe, ziweto zikhale ndi wozilondera ngakhale m'chilimwe, ndipo lamulolo ligwire aliyense ngakhale mwini ng'ombeyo ali mphwake wa amfumu. Bungwe lomwe limathera nthawi pa mabwalo a mafumu kukambirana zimenezi limaoneka ngati likuchedwa, koma ndi lomwe likugwira ntchito yeniyeni.

Chachiwiri ndi udzu. Ukasiya kugalauza, zaka zoyambirira udzu umabwera mwaukali, ndipo ambiri amadalira mankhwala opha udzu monga Roundup ndi Bullet, omwe ndi ogula, amafuna sipuleya, amafunanso kudziwa muyeso ndi kudziteteza popopera. Pulojekiti ikamapereka mankhwalawa ulere aliyense amayamikira, ikatha ambiri amabwerera ku khasu. Apa n'pofunika kunena zoona, ulimiwu umachepetsa zogula zina koma ukhoza kubweretsa zina. Amene anapirira amati udzu umanka nuchepa ngati suulola kubereka njere komanso ngati waphimbira mokwanira. Za chiswe anthu amaopa kwambiri, koma nthawi zambiri chikapeza mapesi ouma pansi chimatanganidwa ndi amenewo kusiyana ndi kugwetsa chimanga chaiwisi.

Chachitatu, si paliponse pomwe ulimiwu umayenera. Nkhotakota si dera limodzi. Kumtunda cha ku Mwansambo ndi chimanga ndi mtedza, koma m'mphepete mwa nyanja chakudya ndi kondowole, chinangwa chimafuna mizere kapena milu kuti chibereke ndi kuzulidwa bwino, m'madambo ndi mpunga, ndipo malo olowa madzi ukaphimbira chaka cha mvula yambiri chimanga chimachita chikasu chifukwa cha chinyontho chopyola muyeso. Bungwe lanzeru limafika kwa mlimi wa chinangwa ndi nkhani ya mbewu yopanda matenda ndi kusakaniza ndi nyemba, kwa wa mpunga ndi nkhani ya kuwokera mbande zazing'ono m'mizere ndi kasamalidwe ka madzi, osati uthenga umodzi kwa aliyense chifukwa choti ndi womwe unalembedwa mu pempho lija.

Mitengo ndi gawo lina lalikulu. Aliyense wodutsa ku Salima anaonapo misangu ikuluikulu ili pakati pa minda, ndipo pansi pake chimanga chimakhala chakuda bii kusiyana ndi chapatali. Msangu umachita zosiyana ndi mitengo ina, umayoyola masamba nthawi ya dzinja pomwe mbewu zikufuna dzuwa, masambawo n'kukhala manyowa, ndipo m'chilimwe umaphuka n'kupereka mthunzi ndi nyemba zomwe mbuzi zimadya. Makolo ankadziwa kale zimenezi n'chifukwa chake sankaudula, mabungwe angozikumbutsa. Vuto lake umachedwa kukula, ndiye amaphatikizapo gilisidiya yemwe umamudulira n'kukwirira masamba ake, ombwe ndi jelejele. Koma tinene mosabisa, mbande zambiri zomwe zimabzalidwa ndi mwambo mu Disembala, nduna kapena bwanamkubwa atagwira khasu, sizifika Okutobala, mbuzi, moto ndi chilala zimamaliza. N'chifukwa chake njira yosamalira mphukira ikumveka kwambiri masiku ano, njira yomwe inatchuka ku Niger m'zaka za m'ma 1980 kudzera kwa Tony Rinaudo. Zitsa zomwe timasosa chaka ndi chaka zija zili ndi mizu yamoyo yozama kale, nde umangosankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo n'kudulira, n'kuziteteza ku moto. Palibe chubu, palibe kuthirira, palibe kudikira galimoto ya mbande. Pambali pake amalimbikitsa chitetezo mbaula kuti nkhuni zizilowa zochepa, chifukwa mayi amene alibe chophikira adzadula mtengo uja kaya lamulo likuti chiyani, ndipo palibe angamudzudzule.

M'minda yotsetsereka muli ntchito ya akalozera, ngonyeka ndi udzu wa vetiva womwe umabzalidwa mopingasa kuti ugwire dothi, komanso kutseka zigwembe ndi miyala ndi zikhomo. Imeneyi ndi ntchito ya gulu chifukwa madzi owononga munda wako amachokera m'munda wa mnzako wakumtunda.

Pa manyowa, amene afala kwambiri pano ndi a Mbeya, kusakaniza ndowe kapena zitosi zouma, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki mkati mosalowa mpweya n'kudikira masiku 21. Anthu awakonda chifukwa thumba limodzi la feteleza limatambasuka kufikira munda waukulu. Koma pasakhale kunamizana, feteleza wochepa uja sasanduka wambiri, chomwe chimachitika n'choti manyowa amathandiza nthaka kugwira chakudya ndi madzi. Ndipo manyowa amafuna ziweto, apa ndi pomwe pamalowera mbuzi zopatsirana, banja limalandira mbuzi, zikaswa ana oyamba amapita ku banja lina. Zimayenda komwe komiti ili yolimba ndipo pali wina wophunzitsidwa kupereka katemera ndi mankhwala a njoka zam'mimba, khola likhale lam'mwamba kuti zitosi zizitoleka pansi. Komwe kulibe zimenezo mumangomva kuti mbuzi inafa kapena inabedwa.

Mwina wina afunsa kuti nanga banki mkhonde ikukhudzana bwanji ndi nthaka. Ikukhudzana kwambiri. Mlimi amagulitsa mtedza wake mu Meyi kwa mavenda pa mtengo wolira, pa sikelo yoti sakuikhulupirira, osati chifukwa sadziwa kuti mtengo udzakwera, koma mwana akufunika fizi, wina wadwala, ngongole ikudikira. Mu Januwale yemweyo amasiya munda wake osapalira n'kukagwira ganyu m'munda wa wina kuti apeze ufa wa lero. Gulu la banki mkhonde likamayenda bwino limampatsa pobwereka pa nthawi ngati imeneyo, ndipo magulu ochenjera amagawana masheya cha mu Okutobala kapena Novembala kuti ndalama ipite ku mbewu osati ithere pa Khirisimasi. Onjezani matumba a PICS osunga chimanga popanda mankhwala anankafumbwe osalowa, kuyanika mtedza bwino kuti usachite chuku, ndi kugulitsa pamodzi ngati kalabu kapena kopaletivi kuti wogula wamkulu abwere ndi lole. Kunena zoona apa ndi pomwe mapulojekiti ambiri amafookera. Kuuza anthu kuti abzale nandolo kapena soya n'kosavuta, koma chaka chomwe mtengo wagwa osapezeka wogula, chaka chotsatiracho palibe amabzalanso, kasinthasintha uja n'kuthera pomwepo.

Pali zinthu ziwiri zomwe sizilembedwa pa chikwangwani koma zimalamula zambiri. China ndi mwini munda. Munthu wobwereka kapena wochita lendi munda sangabzale msangu kapena kuthira manyowa a zaka zitatu, chifukwa mwini wake akaona kuti munda wanona amaulanda chaka chamawa. Ngakhale bambo wa pa chikamwini nthawi zina amazengereza kubzala mitengo pa malo a kwa mkazi wake. China ndi amayi. Ku misonkhano amene amachuluka ndi amayi, opalira ndi amayi, koma mbewu ikangokhala ya ndalama kawirikawiri amene amapita nayo ku msika ndi bambo. Mabungwe ena anayamba kuphunzitsa banja lonse pamodzi, bambo, mayi ndi ana akuluakulu kukhala pansi kupanga bajeti ndi kugawana ntchito, ndipo ine ndimaona kuti zimenezi zimasintha zambiri kuposa thumba la mbewu.

Ndiye pali msampha wa zaulere, womwe mabungwe ena anautchera okha. Ukazolowetsa anthu kuti msonkhano uliwonse pali alawansi, fanta ndi buledi, tsiku lomwe mlangizi wa boma adzaitanitse msonkhano wopanda kanthu sipabwera munthu. Ena amasunga kachigawo kophimbira ka m'mphepete mwa msewu kuti asachotsedwe m'kaundula, munda wonse kuseri uli mizere. Mu lipoti amawerengedwa kuti atsatira ulimi watsopano. Sindikuwanena alimiwo, munthu wosauka akaona mwayi wa thumba la mbewu amautenga, ndi nzeru zopulumukira. Vuto lili pa kawerengedwe, ma donor amafuna manambala a anthu ofikiridwa pa miyezi itatu iliyonse, pomwe nthaka imayankha pa zaka. Chinanso chosokoneza ndi mabungwe awiri atatu m'mudzi umodzi, lina likuti kumbani maenje obzalamo, lina likuti musakhudze nthaka, lina likugawa makasu, mlimi n'kungoti aliyense ndimuvomera bola asiye kanthu. Komiti za ku khonsolo zija zinaikidwa kuti zizilunzanitsa mauthenga otere, ndipo zikagona zotsatira zake zimaonekera m'munda.

Kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID tinaona mapulojekiti ambiri m'dziko muno akuima mwadzidzidzi, ogwira ntchito kubwerera kwawo, njinga zamoto kuimikidwa. Zimenezi zinaonetsa poyera zomwe zimatsala ndi zomwe zimapita. Chilichonse chofuna kugula chaka ndi chaka ndi ndalama ya bungwe chimapita. Pampu ya sola yopanda thumba la ndalama zokonzera imagwira ntchito mpaka tsiku lomwe yawonongeka koyamba. Zomwe zimatsala ndi mitengo yomwe yakula kale, vetiva yemwe wagwira, gulu la banki mkhonde lomwe ndalama zake ndi za eni ake, lamulo la moto lomwe amfumu akulisungabe, ndi mlimi wachitsanzo uja amene anapitiriza chifukwa nkhokwe yake inadzaza, anzake n'kumabwerabe kudzafunsa.

Choncho bungwe likabwera kwanu, inu a VDC, amfumu, ngakhale inu a m'tauni amene mumaimbira foni amayi kumudzi, mafunso ofunsa pa msonkhano woyamba alipo ndipo si mwano kuwafunsa. Pulojekitiyi ndi ya zaka zingati, ndipo mlangizi wa boma wa dera lino ali nawo kuyambira pachiyambi kapena adzangomuitana tsiku lotsekera? Mbewu ndi mankhwala zomwe mukupereka chaka chinozi, chaka chachinayi tidzazigula kuti ndipo pa mtengo wanji? Soya kapena nandolo mukutiuza kubzalayu wogula wake ndani? Olima chinangwa ndi mpunga mwawakonzera chiyani? Sipuleya, sikelo ndi pampu zidzakhala m'manja mwa ndani mukadzapita, nanga zikawonongeka ndalama yokonzera idzachokera kuti? Mayankho ake alembedwe m'buku la VDC, asainire a bungwe, amfumu ndi mlangizi wa ku EPA, ndipo buku limenelo lizitulutsidwa pa msonkhano wa chaka chilichonse anthu akamaliza kukolola.